Kamtedza ndi Nyalugwe Wake

Kalekale, ana inu, kunali mlenje dzina lake Kamtedza. Tsiku lina anapeza nyalugwe atafera m'mbuna mwake. Pambali pake kamwana kakulira.

Kamtedza anakaika m'thumba, ulendo kumudzi.

Mkazi wake Nangozo atakaona anati, "Bambo, kabwezeni kuthengo aka."

Iye anati, "Iyayi. Kakakula kazitilondera mbuzi, afisi asiye kutivuta."

Anakamwetsa mkaka wa mbuzi. Kanakula. Anakapatsa mbewa. Kanakula. Afisi analekadi kubwera, Kamtedza n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Pafupi naye pankakhala mayi wamasiye, Nasimango. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Msatida.

Nyalugwe anagwira nkhuku ya Nasimango. Kamtedza analipa nkhuku. Anagwira mbuzi ya Nasimango. Kamtedza analipa mbuzi.

Nasimango anabwera, nagwada pakhomo. "Achimwene, nkhuku mwalipa, mbuzi mwalipa. Koma mwana wanga amasewera pabwalo pomwepa."

Kamtedza anaseka. "Mlongo wanga, musaope. Ndamulera ndekha ameneyu, amandimvera." Anangotenga luzi, n'kumumangirira pamtengo.

Mvula inagwa, anthu onse ali kuminda. Msatida anatsala pakhomo akudwala mutu. Dzuwa lili paliwombo anatuluka kukamwa madzi. Luzi linali litawola ndi mvula. Linaduka.

Nasimango pobwera anapeza chikho chili pansi. Anaitana, "Msatida!" Zii. Anaitananso, "Msatida mwana wanga!" Zii. Anamupeza kuseri kwa nkhokwe, atazizira kale.

Kamtedza anamva kulirako ali m'njira. Khasu linamugwa m'manja. Palibe anamuuza, koma anadziwa.

Maliro atatha, akuluakulu anakhala pabwalo. Anthu anabweretsa nyalugwe uja atamumanga.

Kamtedza anati, "Makolo anga, ine ndinali kumunda. Dzanja langa silinakhudze mwana. Wapha ndi uyu. Iphani uyu."

Akuluakulu anafunsa nyalugwe, "Iwe ukuti bwanji?"

Nyalugwe anati, "Ine kwathu ndi kuthengo. Kuno sindinabwere ndi miyendo yanga, ndinabwera m'thumba. Mano anga sindinabise. Ankawaona tsiku lililonse pondidyetsa."



Akuluakulu anati, "Wamva, Kamtedza? Nyama ilibe mlandu. Mlandu ndi wa amene anainyamula. Unachenjezedwa, unaseka."

Kamtedza anagwetsa nkhope. "Tengani khola langa lonse."

Nasimango anati, "Mbuzi idzanditcha mayi?"

Akuluakulu ananong'onezana, kenaka anati, "Munthu amalipidwa ndi munthu. Mwana wamkazi wa Kamtedza apite kwa Nasimango."

Nangozo anagwa pansi, nakumbatira mwana wake, kulira osatulutsa mawu.

Nasimango anamuyang'ana. Kenaka anati, "Iyayi. Nangozo anakana chilombochi tsiku loyamba. Ululu ndili nawowu ndimupatsenso mnzanga? Mwanayo akhale kwa amake. Abwere mwiniwake wa nyalugwe."

Zinatero. Kamtedza anabaya nyalugwe ndi mkondo wake womwe, misozi ikutsika, pakuti anamukondadi. Kuyambira pamenepo uta anaupachika. M'mawa uliwonse ankalima munda wa Nasimango asanapite kumunda kwake. Denga likadontha, iye. Nkhuni zikatha, iye.

Zaka zinapita. Msana unapindika, imvi zinamera. Nkhokwe ya Nasimango inkadzaza mpaka kusefukira, koma wodya anali mmodzi. Atsikana anzake a Msatida anakula, anakwatiwa, anabereka. Akamadutsa ndi ana kumbuyo, Nasimango ankalowa m'nyumba. Kamtedza ankangowerama, khasu gu, gu, gu, osadzutsa mutu mpaka atapitirira.

Analipa moyo wake wonse, koma sanamalize.

Ndiye mverani, ana inu. Ukaweta cha mano, mano akewo ndi ako. Chikaluma, waluma ndiwe. Mnansi akakuuza kuti akuopa, usamuseke.

Nthano yanga, pomwepa ndi pamene yathera.