Mtambo wa M'nyumba mwa Nangondo

Kalekale, mitambo isanadziwe kudzipanga yokha, kunali anthu amene ntchito yawo inali kuluka mitambo.

Usandiyang'ane choncho. Inkalukidwa ndi manja, ngati mphasa.

Eni ntchitoyo anali a Mvula. Ankakhala pamwamba pa phiri lalitali, pomwe panali dziwe lozizira ndi munda wa thonje loyera mbee. Amayi ankathyola thonjelo, n'kulipota, n'kuluka mitambo. Abambo ankanyika mitamboyo m'dziwe kuti imwe madzi, kenako n'kuikankhira kumwamba ndi nsungwi zitalizitali.

Kapitawo wawo anali Chule. Kum'mawa kukangofiira, Chule ankaliza pakhosi pake, anthu onse n'kukwera phiri. Dzuwa likalowa ankalizanso, anthu onse n'kutsika. Kukwera limodzi, kutsika limodzi. Mvula nayo masiku amenewo inkagwa choncho: dziko lonse nthawi imodzi, kuyamba pamodzi, kukata pamodzi.

Mwa oluka aja munali mayi wina, dzina lake Nangondo. Mwamuna wake, Kadzamira, anali m'gulu la okankha. Awiriwa anachoka kwawo kutali, kudzamanga patsinde pa phiri chifukwa cha ntchito. Kumeneko analibe amayi, analibe azakhali. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Sungeni, wongoyamba kumene kuyenda.

Ana kuphiri sankaloledwa. Ndiye m'mawa uliwonse Nangondo ankasiya phala m'mbale, n'kupempha nkhalamba ina yoyandikana nayo nyumba kuti iziponyako diso. Nkhalambayo inali yogontha, komanso yokonda kuwodzera padzuwa.

Nangondo ankachoka mwana ali m'tulo. Ankabwera mwana ali m'tulo.

Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

Kuphiri anzake ankasimba za ana awo. Wina akuti wayamba kuitana amake. Wina akuti watukwana agogo ake, mudzi wonse kuseka. Nangondo ankangoluka. Mawu a mwana wake sankawadziwa.

Tsiku lina m'mawa, akumufunditsa, anaona kanthu kuseri kwa khutu. Anayesa kachitsotso. Anakoka, mwana n'kudzidzimuka. Kanali kanthenga, kofewa, kachikasu, ndipo kanali katamera pakhungu.

Anakazula. M'mawa mwake tinamera tina.

Nangondo anatumiza mawu kwa Chule kuti mutu ukumuwawa. Kenako anakabisala kuseri kwa nkhokwe. Ankafuna aone kuti kodi mwana wake amaswera bwanji.

Sungeni anadzuka. Phala sanaliyang'ane. Anatuluka panja, n'kukalowa pamzere wa anapiye, kumbuyo kwa Thadzi lamawangamawanga. Thadzi likapalasa, iye kupalasa. Thadzi likajompha, iye kujompha. Pakumwa madzi, ankamwa pang'ono n'kukweza mutu kumwamba. Mphamba atadutsa, anapiye anathamangira m'mapiko mwa mayi wawo. Sungeni naye anakabisa mutu momwemo, matako ali pamtunda.

Nangondo anatulukira. Anagwada, natambasula manja.

"Sungeni, bwera kwa amayi."

Mwana anapendeketsa mutu, namuyang'ana ndi diso limodzi, monga zichitira nkhuku. Kenako anabwerera m'mbuyo.

"Thadzi iwe, wandilanda mwana?"

"Sindinalande mwana wa munthu," linatero Thadzi. "Amalira, ine n'kumuyankha. Inu mumakhala muli kuti?"

Thadzi linapitiriza kupalasa, likuti ilo silinamuitane mwanayo, ndipo khola lake ndi laling'ono kale. Koma nthenga zikangofika pamsana, basi, ameneyo ndi nkhuku mpaka kale.

Madzulo Nangondo anauza mwamuna wake. Kadzamira anakanda m'mutu, nati chosavuta n'chakuti mkazi asiye ntchito, iye azikwera yekha. Nangondo anayang'ana manja ake. Kuluka anakuphunzira ali kamtsikana, ndipo mtambo wake ukadutsa kumwamba ankauzindikira ngati nkhope ya mbale wake. Komanso mapira amene a Mvula ankapatsa munthu mmodzi sakanadyetsa pakamwa patatu.

"Abambo a Sungeni, mwana ndikumufuna, ntchito ndikuifuna. Kodi anati ndani kuti ziwirizi sizingakhale nyumba imodzi?"

Kadzamira anati akafunse kwa Chule.

Nangondo anakafunsa. Anapempha kuti azitsika dzuwa lili pamutu, kapena azitenga thonje kukalukira kunyumba. Chule anatong'ola maso. Anati zimenezo sanazimvepo chibadwire. Iye ana anali nawo osawerengeka, koma ankangowasiya m'dziwe. Miyendo inkamera yokha, michira inkaduka yokha.

"Wanuyo mukumusasatitsa," anatero Chule. "Bwererani pantchito."

Nangondo anabwerera. Koma potsika anakulunga thonje m'nsalu, n'kulimanga pamimba. Anzake anagundana zigongono. Wina anati, "Iii, mayi a Sungeni, woyambayo sanayankhule n'komwe!" Iye anangoseka nawo, n'kuyenda pang'onopang'ono ngati zoona.

M'mawa mwake Chule analiza pakhosi. Kadzamira anakwera. Nangondo anatseka chitseko kuti anthu asamuone, nakhala pamphasa, nayamba kupota.

Sungeni ankalirira Thadzi. Anapalasa pakhomo, anapalasa pakona. Mayi ake sanamugwire. Ankangoluka, akumuyankhula. Anamuuza mayina a zinthu za m'nyumba. Anamuponyera ndagi, n'kudikira, n'kudziyankha yekha. Anamufunsa kuti kodi nthaka imakoma bwanji, popeza iye sanailawepo.

Kulira kunachepa. Mwana anasendera. Anasenderanso. Kenako anapisa tizala take m'thonje, n'kutulutsa, n'kupisanso.

Dzuwa likupendeka, mtambo unatha. Unali waung'ono, ngati chikopa cha mbuzi. Nangondo anauika pakona, natembenuka kuti aphike phala.

Apa ndiye panalakwika. Kuphiri woluka akamaliza mtambo ankangoupereka kwa abambo, n'kuyamba wina. Nangondo anali asanaonepo zimene mtambo watsopano umachita ukasiyidwa wokha. Mtambo watsopano umakhala ndi ludzu.

Unakwawa mpaka pamtsuko. Unamwa, unamwa, mtsuko n'kuuma gwa. Unapita pamphika wosambira, unamwa. Unafufuma. Unada. Unakwera kudenga, n'kuguguda pang'ono ngati mimba ya munthu wanjala.

Mvula inagwa m'nyumba.

Moto unazima. Ufa wa mapira unanyowa. Mphasa inayamba kuyandama. Nangondo anatsegula chitseko, napeza Thadzi lili pakhomo ndi anapiye ake. Nkhuku ndi mvula sizimwerana madzi. Thadzi linabwerera m'mbuyo likuitana ana ake onse, ndi wamkulu uja yemwe.

Sungeni sanapite. Anaima pakati pa nyumba, nkhope kumwamba, kukamwa yasa. Madzi anamugwera pamphuno. Anamugwera palilime. Ndiye anaseka.

Nkhuku siziseka. Nangondo anaima chilili, madzi ali chuchuchu m'nsalu, za ufa ataziiwala.

Atadzidzimuka anatenga munsi, n'kukankhira mtambo uja panja. Anaumangirira ndi luzi pansanamira ya khonde kuti usathawe n'kukamuulula. Koma mtambo subisika. Unangoti tsonga pamwamba pa denga, n'kumagwetsa mvula panyumba imodzi yokhayo, kwa anansi kuli fumbi.

A Mvula anauona ali kuphiri. Anafunsa kuti kodi kanthu kali pansi apo n'chiyani. A Mvula chinthu chikawadabwitsa sankagona nacho. Anatsika phiri, kutsika koyamba chiyambire dziko. Chule ankadumpha patsogolo. Kadzamira ankatsalira m'mbuyo, popeza denga analizindikira.

Nangondo anagwada m'matope.

"Mtambo uwu waluka ndani?"

"Ndine, a Mvula."

"Walukira kuti?"

"M'nyumbamu."

"Umatheka kulukidwa m'nyumba?"

"Umatheka. Kungoti mtsuko uzikhala wovundikira."

A Mvula anazungulira mtambo uja. Anaukoka, anaufinya, anaununkhiza. Unali wolimba ngati wa kuphiri. Koma mbali imodzi inali ndi tizibowo tambirimbiri, ndipo pamenepo madzi ankatuluka owaza, ofewa ngati ufa wosefa. Nangondo anati ndi zala za mwana, akhululuke. Chule anati mtambo wawonongeka, utayidwe. A Mvula sanamve. Anaima pansi pa tizibowoto nthawi yaitali, dzanja lili chotambasula. Anati iwo akhala akukhuthula madzi zaka zonsezi, osadziwa kuti akhozanso kugwa mwaulemu chonchi.

Kenako anaona Sungeni, ali ndi tinthenga tonyowa m'khosi.

"Nanga aka, n'kambalame kapena kamunthu?"

"Zikadali pakati, a Mvula. Ndikapitiriza kumupeza ali m'tulo, akhala nkhuku."

A Mvula analibe mwana, ndiye mafunso anachuluka. Anafunsa kuti mwana amadya kangati. Anafunsa ngati sangathe kudikira chilimwe, ntchito ikachepa, kuti akule nthawi imeneyo. Nangondo anati ayi, mwana sadikira. Anafunsa ngati oluka ena nawo ali ndi ana. Nangondo anati pafupifupi onse, ndipo ndani akudziwa zimene zikumera kuseri kwa makutu awo.

Ndiye a Mvula anatembenukira kwa Chule, namufunsa chifukwa chake anthu onse amakwera nthawi imodzi. Chule anati ndi mmene zakhalira. Anatinso munthu akakhala kutali ndi maso ake, iye adziwa bwanji kuti akugwira ntchito?

A Mvula analoza kumwamba. "Uwu sunauone ukulukidwa. Nanga wakunyowetsa ndani?"

Chule anadzipukuta madzi kumaso, nabwerera m'mbuyo.

Apa Nangondo analimba mtima. Anati m'mawa azilukira pakhomo timitambo tating'ono. Koma masana azikwera, chifukwa mitambo ikuluikulu imafuna manja ambiri, komanso macheza a anzake amawasowa.

"Nanga masanawo mwana akhala ndi yani?" anafunsa a Mvula.

Kenako anatembenukira kwa Kadzamira.

"Kodi anangomera yekha ngati bowa?"

Kadzamira anatsokomola. Anati mwanayo ndi wake ndithu, koma mwamuna kuswera pakhomo ndi mwana kumsana, anzake a nsungwi akamuseka mpaka nthiti kuwawa.

"Usankhe," anatero a Mvula. "Akuseke uli ndi mwana kumsana, kapena akuseke uli bambo wa nkhuku."

Kadzamira anasankha.

Nkhani inawanda. Ena nawo anakapempha. Uyu aziluka mbandakucha, uyu madzulo, uyu pakhomo, uyu kuphiri. Chule anayamba kuitana anthu nthawi zosiyanasiyana mpaka mawu anasasa, ndipo mpaka lero amangolira nthawi ina iliyonse. Mvula nayo inasiya kugwa pamodzi. Inayamba kugwa kutsidya kuno kuli ng'aa, kugwa m'mawa kwa awa, madzulo kwa awo. Anthu anadandaula, kenako anazolowera, popeza mbewu zinkacha ndithu. Ndipo nkhungu imene umaiona m'mawa ikukwera kuchokera m'zigwa, imeneyo ndi mitambo yolukidwa pakhomo, ikupita kuntchito.

Sikuti zonse zinangoyenda myaa. Masiku ena Sungeni ankagona pathonje, mtambo n'kuchedwa. Kadzamira mbereko ankamanga yopendekera, phala lake linkatuluka lamibulu. Anzake ankamupatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji, mayi a Sungeni?" Nyimbo za ana sankazidziwa, ndiye ankangomufotokozera mwana mmene amakankhira mtambo mphepo ikamalimbana naye. Mwana ankamvetsera, maso ali pakamwa pa bambo ake.

Tinthenga tinasiya kumera. Tinayamba kuthothoka, lero kamodzi, mawa kamodzi. Koma mawu, ayi. Sungeni sankalira ngati mwanapiye, sankayankhula ngati munthu. Nangondo ankadzifunsa ngati sanachedwe.

Tsiku lina kuphiri kunali mtambo waukulu wa mvula yobzalira, ndipo unavuta kumaliza. Dzuwa linapendeka, Nangondo osatsika. Linafiira, osatsika.

Nkhuku zinayamba kulowa. Thadzi linaima pakhomo pa khola, n'kuitana monga mwa masiku onse. Sungeni anadzuka. Kadzamira anangomuyang'ana. Mwana anayenda mpaka pakhola. Anasuzumira m'kati. Anayang'ana Thadzi, Thadzi linamuyang'ana.

Kenako anatembenuka. Anakakhala pakhonde, pambali pa bambo ake, maso kunjira ya kuphiri.

Nangondo anatulukira akuthamanga, thonje lili m'tsitsi. Sungeni anaimirira, namuyang'ana ndi maso onse awiri.

"Mwachedwa," anatero.

Nangondo anakhala pansi pomwepo, panjira. Anati inde, wachedwa, ndipo mawa afulumira.

Mwana amatsata amene akumuyankha. Ndiye wopatsa anthu ntchito aziyang'ana mtambo umene walukidwa, osati pamene wolukayo anakhala. Ndipo pakhomo pakakhala akulu awiri, misana yoberekera mwana ndi iwirinso.

Nthano yanga yafika pomwepo, ndipo yathera pomwepo.