Chiboda cha Njati pa Chulu cha Chiswe

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu mukuwodzera uko, Njati anaoloka mtsinje kudzacheza kwa tinyama ting'onoting'ono. Anafika mwaulemu, mawu ake ozuna.

"Abale anga," anatero Njati, "luso muli nalo, koma mudzaberedwa. Kwathu kutsidya, mwini luso amadinda phazi lake pa ntchito yake, aliyense adziwe. Ndabwera kudzakuphunzitsani, ulere."

Tinyama tinakondwa. Chiswe anaponda pa dothi lonyowa la chulu chake. Osaoneka kanthu. Njuchi anaponda patsinde pa mtengo wake wa uchi. Osaoneka kanthu.

"Pepani, timapazi tanu tachepa," anatero Njati. "Ndikubwerekeni langa." Dii! chiboda pa chulu. Dii! chiboda patsinde pa mtengo.

Mvula itayandikira, Chiswe anayamba kuumba chulu chatsopano, poti ana anali atachuluka. Njati uyu watulukira.

"Mayi Chiswe, mwapempha kwa yani? Taonani chiboda icho, ntchito zanu zonse ndi zanga. Umbani, sindikukanizani. Koma pabwalo la nyama ndikati inde, nanunso muziti inde. Mukakana, ana anu agona pamvula."

Chiswe mtima unamuwawa kwabasi, koma sanaonetse.

"Zikomo, achimwene. Komatu mwasiya luso lina, loposa ili. Loboola mtengo m'kati, kunja ukuoneka bwinobwino."

"Lili kuti? Fulumirani, wina angandiyambirire!"

Chiswe anamutengera ku nkhokwe ya Chipembere, uja wosachedwa kupsa mtima. Miyendo ya nkhokweyo, Chiswe ndi ana ake anali ataidya kale m'kati mlungu wathunthu. Njati, dyera lake, osafunsa n'komwe kuti nkhokwe ndi ya yani. Dii! pamwendo uwu. Dii! pamwendo uwo. Nkhokwe ija kweee... khu! Chimanga mbwee m'matope.

Chipembere anabwera akuthamanga, maso ali psuu, napeza miyendo ya nkhokwe yodyeka m'kati.

"Wadya mitengo yanga ndani?"

"Ife ndife osaphunzira, bambo," anatero Chiswe. "Tinangouzidwa kuti mwini luso ndi amene wadinda phazi."

Chipembere anayang'ana pansi, naona zidindo za chiboda pamiyendo ija. Anayang'ana Njati. Anayamba kunola nyanga pamwala.

"Iyayi, iyayi!" anakuwa Njati. "Chiboda n'chiboda basi! Kudinda sikutanthauza kanthu!"

"Tabwerezani, achimwene," anatero Chiswe. "A Njuchi ali patali, sanamve."

"Sikutanthauza kanthu!"

Atatero Njati analiyatsa liwiro, Chipembere ali pambuyo, mpaka mumtsinje phava! Tsiku lomwelo Chiswe anamaliza chulu chake osapempha kwa munthu, ana onse nalowa m'kati mvula isanagwe. Ine zimandisangalatsa mpaka lero ndikaona chulu.

Nthano yanga ndaitula pano, kaphuleni mbatata zingapserere. Wokubwerekani phazi, ana inu, mumthokoze ndithu, koma muyambe mwamufunsa kuti ulendowo ukhala wa yani.