Kanjere Kofiira ndi Juzi ya Ndaziona

Chilape! Mwati nachize? Gwirani ichi, ndipo si cha agogo anga ayi, ndachipeka ndekha. Kanthu kanga n'kakang'ono ngati njere ya nandolo. Kali ndi timiyendo titatu koma sikayenda. Kakatsegula diso, kuwala kwake kumaoloka bwalo la mpira osapindika. Koma kamaphedwa ndi mphezi yopanda mtambo, yopanda bingu. Musathamangire kundibayira ng'ombe. Mverani kaye.

Pamsika wina wa m'mbali mwa msewu panali mayi wina wokonza mawailesi, dzina lake Sungeni. Ntchito za anthu zikachepa, ankatulutsa ya kumtima kwake: ankafuna kupanga tochi ya leza, ija yoponya kadontho kofiira patali. M'makina a DVD akufa, amene eni ake anawataya, ankafukulamo kanjere kachitsulo kotchedwa dayodi, kamene kamabala kuwalako. Tambiri ankatipeza titapsa kale. Tamoyo anapeza tiwiri tokha, n'kutikulunga m'kapepala ka siliva ngati mankhwala.

Sungeni anali ndi mkulu wake, Ndaziona, mayi waukhondo woti pakhonde pake ungadzionerepo nkhope. Chilichonse chopatsa munthu ankayamba wachipukuta: kapu, lalanje, ngakhale kiyi. Kwa iye, kupereka chinthu chafumbi kunali kunyoza.

Mwana wa Ndaziona, Mwatitha, ndiye anautsa nkhani. Anakauza kalasi lonse kuti tsiku lotsekera sukulu amayi ake aang'ono adzamanga chingwe cha kuwala kuchokera pachitseko mpaka pabolodi. Aphunzitsi anavomera. Anzake anaseka. Tsiku lililonse ankamufunsa kuti, "Mwatitha, chingwe chija tiyanikapo liti mayunifolomu?" Mwanayo ankabwera kunyumba maso ali gwa, koma sanabweze mawu ake.

Inali nyengo yozizira, mphepo youma, ija mukamavula juzi mumamva ikuthetheka, tsitsi n'kuima.

Mawa lake lili lotsekera, Ndaziona anabweretsa mbatata yootcha kukashopu ka Sungeni. Anapeza mng'ono wake watuluka kukaona wailesi ya m'minibasi, kanjere kamodzi atakasiya poyera patebulo. Anawerama. Pakadiso kake panali fumbi. Chinthu chokaonetsa kusukulu, chafumbi? Anakatola, kukauzira mpweya, n'kukapukuta pamkono wa juzi yake ya nayiloni mpaka kanang'anima. Anakabweza pamalo pake mtima uli mbee.

Sungeni atabwera anawotcherera mawaya mwachangu, poti kutentha kukachedwa pamwendo kanjereko kamapsa. Analumikiza batire. Kanjere kanangofiira pang'ono ngati khala lomwe likuzima. Pakhoma panalibe kadontho. Anakatembenuza uku ndi uku. Sikanasweke, sikanade, kanali kokongola kuposa kale. Kukongolako n'kumene kunamuuza zonse.

"Achemwali, mwakagwira?"

"Ndangokapukutako, iwe. Kanali ndi fumbi."

Sungeni anamuuza kuti kuthetheka kwa m'juzi kuja ndi mphezi, yaing'ono chabe. Kwa munthu siifika ngakhale pa kulumwa ndi nyerere. Kwa kanjere aka ndi ija yong'amba mtengo pakati. Ndipo kakafa sikadzukanso.

Ndaziona anabisa manja m'khwapa. Ananena kuti sadzagwiranso kanthu m'shopumo, n'kuyamba kutuluka. Pakhomo anaima. Anafunsa, osacheuka, kuti mwana akamuuza chiyani.

Mtima wa Sungeni unali ukuwira. Mawu oti alankhule anali kale pakamwa, akuthwa. Sanawatulutse. Anavula nsapato, n'kupita pakona pomwe panadutsa paipi yachitsulo ya madzi. Ankaigwira nthawi zonse asanakhudze kanjere, kuti mphezi ya m'thupi itsikire pansi. Tsiku limeneli anaigwira nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Kenako anati, "Bwererani, achemwali. Vulani juziyo. Nsapatonso."

Ndaziona anaima pasimenti yozizira, mapazi ali pansi, n'kugwira paipi ngati akupereka moni kwa mlendo. Sungeni anamasula kapepala ka siliva. Kanjere kotsiriza. Anapatsa mkulu wake kambaniro kachitsulo, nati apane mwendo wa kanjereko kuti kutentha kuzithawira m'chitsulo, chifukwa iye dzanja lina lili ndi chowotcherera, lina mtovu.

"Nanga ndikakaphanso?"

"Tikhala takapha tonse awiri. Panani."

Ndaziona anapana. Ndipo pomwepo anaona, pakadiso paja, kafumbi kena katatera. Chala chake chachikulu chinayamba kunyerenyetsa. Chinanyamuka chokha. Moyo wake wonse chala chimenecho sichinalekererepo fumbi. Ndaziona anachiyang'ana, n'kuchipinda, n'kuchibisa m'chikhatho. Sanapukute.

Utsi wa mtovu unakwera. Sungeni anauzira kafumbi kaja ndi kampira kopopera mpweya, n'kuika kagalasi kutsogolo. Batire. Pakhoma panaoneka kadontho kofiira, kowala ngati kakufuna kulankhula. Awiriwo anakuwa mpaka wogulitsa tomato panja anasuzumira.

M'mawa mwake anaphimba mazenera a kalasi ndi zitenje. Sungeni anakhazika ana onse kumbuyo kwake, nati aliyense wodutsa kutsogolo atuluka, chifukwa kuwala kumeneku kukalowa m'diso kumaotcha. Anayatsa. Kadontho kanatera pabolodi.

Ana anasuzumira pabolodi. Kenako wina kumbuyo anati, "Kadontho basi? Nanga chingwe?" Kuseka kunayamba. Mwatitha anazyolika.

Sungeni ananong'oneza mkulu wake. Ndaziona anamuyang'ana ngati wamutuma kukaba. Koma anatenga zofufutira ziwiri za pabolodi, kuima pambali, n'kuziombanitsa. Phu! Phu! Fumbi la choko linakwera, ndipo m'fumbimo munatuluka chingwe. Chofiira, chowongoka, chopanda mfundo, kuchokera pachitseko mpaka pabolodi, tifumbi tikuvina m'kati mwake ngati tamoyo. Ana anaimirira pamabenchi. Aphunzitsi anaiwala kuwakhazika pansi. Ndipo mayi waukhondo uja, nsidze zili mbuu, mutu uli mbuu, ankangoombabe, akuseka, misozi ikulemba mizere m'choko cha kumaso.

Chilape changa mwachimasula tsopano: ndi kanjere kaja, ndipo mphezi yopanda mtambo inali m'juzi.

Inu amene mukumva, nanunso mumayenda nayo. Mumaitola tsiku lonse osadziwa, kwa amene wakunyozani m'mawa, kwa amene wakudutsani osapereka moni. Kenako mumafika pa kanthu kanu kosalimba, mng'ono wanu, mnzanu wapamtima, n'kukagwira mwachikondi ndithu, mukuti mukukakonza. Sikalira, sikasweka. Mumangoona kuti kuwala kwake kwachepa. Musanagwire, imani. Vulani nsapato, tsitsani kaye zomwe mwanyamula. Ndipo si fumbi lililonse lofuna chala chanu.

Pobwerera kunyumba Mwatitha ankadumpha pakati pa amayi ake awiri, atagwira uyu dzanja, uyu dzanja. Awiriwo anamufotokozera za juzi, za paipi, zonse. Mwanayo anayenda pang'ono. Kenako anaima pakati pa njira.

"Ndiye mphezi munaipatsa paipi ija, yapita kwa ndani?"