Mkamwini m'Dengu la Kileni

Panali munthu wina, dzina lake Gelesomu, amene pa unyamata wake anakhalako ku Debeni, mzinda wa doko wa kunja kwa dziko lino. Atabwerera kumudzi anakwatira Elufe, nakhala pa chikamwini. Zovala za ku Debeni zinatha msanga, koma nkhani za kumeneko sizinathe. Yaikulu inali ya makileni, zimakina za makosi ataliatali zija zimatola katundu m'sitima zapamadzi ngati nkhuku ikutola chimanga.

Akaona anthu akusenza mitolo ankapukusa mutu. "Kuvutika konseku n'kusayenda," ankatero. "Kileni ikanangoti nyamu, basi zatha." Zimenezi ankanena atakhala pamphasa.

Tsono chikamwini chinamutopetsa. Anatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti atenge Elufe ndi mwana wawo Mwatitha akakhale kwawo kwa iye. Akuchikazi sanakane, sanavomerenso. Apongozi ake, amayi a Elufe, anangoti, "Tikolole kaye. Nkhokwe ikavala denga, tidzayankha." Mudzi wonse unamva tanthauzo lake. Ankafuna aone phewa la mkamwini.

Paja denga la nkhokwe amamangira pansi. Tsiku lokweza, amuna amalizungulira, aliyense n'kulowetsa phewa lake. Wina amayambitsa nyimbo, enawo n'kuvomera, ndipo denga limakwera likununkhira udzu watsopano. Koma likasowa phewa limodzi, limapendekera mbali yomweyo.

Anapangana za Loweruka. Lachisanu, Gelesomu anamva pa wailesi kuti mumzinda muli chionetsero cha makina omangira, makileni ali pomwepo, ndipo tsiku lotsekera ndi Loweruka lomwelo. Mtima wake unatsogola, thupi linangotsala kulondola.

M'mawa anadzuka atagwira m'chiuno. "Msana, mayi a Mwatitha. Kuwerama komwe sindingathe. Ndithamangire kuchipatala chachikulu." Anachoka atapindika ngati mpini wa khasu, akubuula kuti apongozi amve. Atangokhota kuseri kwa chulu, msana unawongoka.

Pa chionetsero paja Gelesomu anabwerera ku unyamata. Fungo la dizilo linamulandira pachipata ngati mbale wake. Makileni anali ndandanda, achikasu, ofiira, ena atatukula makosi kuposa mitengo ya bulugamu. Ina inanyamula galimoto n'kuizunguza m'malere. Ina inkapinda mkono wake ngati mwendo wa dzombe. Gelesomu ankayenda manja kumbuyo, akufotokozera aliyense amene walakwitsa n'kuima pafupi naye. "Iyi ndi mwana chabe. Mukanaona za ku Debeni!"

Kumudzi, amuna anayesa kukweza denga. Linapendekera mbali ya Gelesomu, ndipo analibwezera pansi. Apongozi sanadandaule za denga. Anati, "Wodwala sasiyidwa yekha." Anathira thobwa m'chigubu, natenga Elufe, nakwera minibasi. Kuchipatala anafunsa khomo ndi khomo, koma munthu wa msana wotero kunalibe. Atatuluka, Elufe anaona makosi achitsulo akusuzumira pamwamba pa mitengo. Anausa moyo. "Amayi, tiyeni uko. Odwala athu agonekedwa kumeneko."

Gelesomu anali pakati pofotokoza za zingwe pamene anaona duku lobiriwira likubwera m'khamu la anthu. Duku la apongozi limenelo ankalidziwa ngakhale kumaloto. Pambali pake panali Elufe, chigubu pamutu.

Mwambo umati mkamwini akakumana ndi apongozi panjira, apatukire kutchire, anyonyomale mpaka adutse. Ndipo tsiku limenelo Gelesomu anafuna mwambowo kuposa masiku onse. Koma tchire panalibe. Panali zitsulo, matayala ndi anthu. Chapafupi panali dengu lachitsulo lili pansi, lija amakwezeramo okonza magetsi, atalikuta ndi nsalu yolemba dzina la eni ake. Gelesomu sanayang'ane chimene dengulo lamangiriridwako. Analumpha ngati gwape, nagwera m'kati, nadzipinda.

Ali m'menemo anadziyamikira nzeru. Kenaka dengu linanjenjemera. Iye anayesa kuti ndi mtima wake. Ndiye anamva mawu pa chimkuzamawu: "Amayi ndi abambo, tsopano taonani kutalika kwa mkono uwu!"

Atasuzumira, anaona madenga a mabasi. Atasuzumiranso, anaona nsonga za bulugamu, ndi khwangwala akudutsa pafupi, akumuyang'ana modabwa. Apa mpofunika kunena zoona: zaka zonse za ku Debeni, Gelesomu makileni ankangowaonera kunja kwa mpanda. Chiyambire anali asanakwerepo ngakhale mtengo wa mango.

"Mayooo! Nditsitseni! Ndili ndi mwana wamng'ono ine!"

Khamu lonse linatukula maso. Wachimkuzamawu uja anamuloza. "Akuluakulu, mwakweramo nthawi yanji? Taonani anthuni, makina athu amanyamula ndi osaitanidwa omwe!" Phwete linabuka. Ena anagwira m'mimba, ena anatulutsa mafoni.

Gelesomu anayang'ana pansi, ndipo kunsi kwake kwenikweni kunali duku lobiriwira lija. Apongozi anali atatchinga dzuwa ndi dzanja, akumuona bwinobwino. Munthu woyenera kunyonyomala kumbali kwa njira anali ataima pamutu pawo penipeni. Ulemu unamugwira. Anavula chipewa, nagwada, nasiya chitsulo kuti aombe m'manja. Dengu linagwedezeka. Anaomba kamodzi kokha, phaa, n'kukumbatiranso chitsulo ndi manja onse. Chipewa chinatsika chokha, chikuzungulira, n'kukagwa pamapazi pa apongozi.

Makina amenewa sathamanga potsitsa munthu. Anamutsitsa pang'onopang'ono, ngati akufuna kuti aliyense amuloweze nkhope. Atafika pansi anatuluka chokwawa, nanyonyomala pambali pa tayala, maso pansi.

Apongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anatembenukira kumbali, nalankhula ndi mwana wawo, koma mokweza ndithu.

"Elufe, uwauze bambo a Mwatitha kuti chipatala chawo ndachiona. N'chabwino. Ndinaona m'mene analumphira muja."

"Amva, amayi."

"Uwafunsenso eni ake a chinthuchi ngati amabwereketsa. Ife chaka chonse talephera kuwanyamula pamphasa. Ichi changoti nyamu, kamodzi."

Atatero anatenga chigubu cha thobwa napatsa woyendetsa kileni uja. "Imwani, bambo. Wagwira ntchito lero ndinu."

Lolemba denga linakwera. Gelesomu analowetsa phewa lake mbali yolemera, nyimbo anavomera mokweza kuposa onse, ndipo msana sunanene kanthu. Madzulo ake ankhoswe anabwera kudzamva yankho la chitengwa. Akuchikazi anawalandira bwino, anawapatsa mpando. Yankho linali lalifupi: "Tidzaonenso nkhokwe ya chaka chamawa." Gelesomu anakhalanso chaka china pa chikamwini, ndipo mawu oti Debeni sanamvekenso pakamwa pake.

Inu amene mukundimvera, makina sindikuwanyoza. Ndi abwino, amanyamula zimene anthu zana sangathe. Koma pakhomo panu pali katundu wina amene kileni siimufikira. Amafuna phewa, ndipo phewalo ndi lanu. Mukathawa kunyamula, mudzanyamulidwa ndinu, anthu akuonerera. Choncho musanabisale m'dengu, yang'anani kaye chimene lamangiriridwako.

Ndipo akakuitanani kuti gwirani uku, pitani akadaitana. Oitanawo sakhalitsa. Limadza tsiku loti phewa muli nalo, nyimbo mukuikumbukira, koma mbali inayo ya denga palibenso munthu.