Galimoto ya Madzi ya a Sipanala

Pagalaja ya a Sipanala sipankasowa anthu. Ena ankabwera ndi magalimoto odwala, ena ankangodzatha tsiku pabenchi la pansi pa shedi, kumathirira ndemanga pa ntchito yomwe sankaidziwa mutu wake. Dzinali adawapatsa chifukwa sipanala sinkachoka m'thumba mwawo, ngakhale popita kumaliro. Tisawanamizire, injini ankaidziwa. Ankangotchera khutu n'kukuuzani pomwe pavuta. Nthenda yawo inali imodzi basi: kutamandidwa kunkawaledzeretsa kuposa mowa.

Chaka chimenecho petulo adavuta, anthu n'kumachezera pamzere. Ndiye tsiku lina mmodzi wa anthu a pabenchi aja adawaonetsa kanema pafoni, munthu akuthira madzi m'botolo n'kuliza galimoto. A Sipanala mtima udangoti dyokodyoko. Adapeza botolo lalikulu lagalasi, adamizamo tizitsulo m'madzi othira soda, n'kulumikiza mawaya kubatire. Madzi aja adayamba kuchita thovu ngati ali pamoto. Thovulo linali mpweya woyaka wotchedwa haidirojeni, ndipo iwo adaukokera ku injini ya galimoto yawo yakale ndi kapaipi.

Mlongo wawo, mphunzitsi wa sayansi kusekondale, adawapeza akumangirira botolo lija pansi pa boneti. Iye adadzera nkhani ya amayi awo, omwe ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri. Madokotala ochotsa ng'ala ankabwera kamodzi pachaka kuchipatala chachikulu, kutali ndithu, ndipo tsiku lake linali mawa lakelo. Wochedwa ankabwezedwa. Amayiwo chomwe ankalirira chinali chimodzi: kuona nkhope ya khanda la a Sipanala, lomwe ankangolidziwa polisisita ndi manja.

"Achimwene, mawa ndi tsiku la amayi lija. Ine ndili ndi mayeso a ana, sinditha kupita. Mafuta mwathira?"

"Mafuta? Aphunzitsi, inu mukadali m'mabuku akale. Tasuzumirani apa."

Mlongoyo adasuzumira. "Mpweyawo ndi weniweni, sindikukana. Magalimoto oyendera haidirojeni aliko, koma mpweya wake amaupangira kufakitale ndi magetsi ambiri, n'kuupopera m'mathanki olimba. Nanga apa, chikuswa madziwa n'chiyani?"

"Batire."

"Batire akumutchaja ndani?"

"Injini."

"Nanga injini ikudya chiyani? Achimwene, apa mukutunga madzi m'ndowa n'kumathiranso m'ndowa momwemo, ena akutayikira pansi, n'kumadikira kuti idzaze."

Wina pabenchi adaseka, ndipo kuseka kumeneko n'komwe kudaononga zinthu. A Sipanala adazula paipi ya petulo onse akuona, adalowa m'galimoto n'kupotokola kiyi. Injini idalira! Benchi lonse lidadzambatuka. "Eee, awa ndiye mainjiniya! Zam'mabuku zagwa nayo lero!" M'manja mudawombedwa, mluzu udalira, ndipo a Sipanala adathimitsa injini msangamsanga.

Makaniko aliyense amadziwa kuti kabureta amasunga kapetulo pang'ono m'kambale kake, kokwanira kuliza injini kanthawi ngakhale paipi itazulidwa. A Sipanala ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense pagalajapo. N'chifukwa chake dzanja lawo lidathamangira kukiyi injini isanayambe kutsokomola. Mtima udawauza kuti ayilizenso aone ngati ipirire, koma anthu anali atayamba kale kuwagwira chanza, ndipo adausiya mtimawo uzilankhula wokha.

Mlongo uja adawakokera pambali. "Ndili ndi chigubu cha petulo kunyumba, ndidasungira ulendo womwewu. Ndibweretse madzulo ano?"

"Chisungeni, mudzathandize nacho osakhulupirira!" adayankha mokweza, kuti a pabenchi amve.

M'mawa mwake adabwezera paipi ija mwakachetechete, akudziuza kuti kapetulo kotsala m'thanki n'kongolizira, kwinako madzi agwira ntchito. Akazi awo adabweretsa khanda lija pawindo kuti litsanzike agogo ake. Amayi adalisisita pamphuno n'kuseka. "Ndikabwera ndidzaone ngati mphuno iyi ndi ya malemu agogo ako aamuna. Akundinamiza kwambiri anthu pano."

Ulendo udayamba bwino. Amayi adakhala kutsogolo atafumbata kachikwama kawo, nkhope ili mwee. "Akuti iwe wapanga galimoto yomwa madzi ngati ng'ombe? Kuyambira uli mwana mutu wako unali wina." A Sipanala adangoti "eya", maso ali pa kamuvi ka mafuta komwe kankangotsikabe.

Pachitunda china, pakati pa minda, kopanda ndi nyumba yomwe, injini idatsokomola, idagwedezeka, kenako zii. Adapotokola kiyi, koma idangoti tcheketcheke. Botolo lija linali litayamwanso batire.

"Tafika kodi?" adafunsa amayi, akufufuza chotsegulira chitseko.

Mawu amenewo adawalasa a Sipanala mpaka m'mafupa. Adatuluka n'kutsegula boneti. Madzi anali m'botolo muja ali phee, odzaza bwinobwino. Adaimbira munthu adawaonetsa kanema uja, foni idangoitana osayankhidwa. Adaimbira wina amene adawomba m'manja kwambiri dzulo lake, ndipo iye adaseka mpaka kutsamwa. "Bwana, kulibe chitsime kumeneko? Ingothirani ena!" Magalimoto odutsa anali apo ndi apo, odzaza kale, ndipo pa nthawi ya chilala cha mafuta palibe amene akadawagawira ngakhale dontho. Dzuwa lidakwera iwo akuzungulirazungulira galimoto, foni ili m'manja, manyazi akuwaletsa kuimba nambala yomwe idatsala. Pomwe ankaimba, mthunzi unali utalowa kale pansi pa galimoto.

Mlongo wawo adafika pa njinga yamoto, chigubu chili pamiyendo, ana a mayeso atawasiyira mphunzitsi mnzake. Sadanene kuti ndinkanena. Adangoti, "Amayi, ndabwera, musade nkhawa," n'kuyamba kuthira petulo. A Sipanala adazula okha mawaya a botolo lija. Poti batire anali atafa, mlongoyo ndi mwini njinga yomwe idamubweretsayo adakankha galimoto, nsapato zake za kusukulu zikuterereka m'fumbi, mpaka injini idalira.

Kuchipatala adafika dzuwa litapendeka. Pakhonde panali anthu okhala ndi thonje padiso, abale awo akuwamwetsa madzi, ndipo madokotala ankalongedza zipangizo m'mabokosi. A Sipanala adachonderera, adagwada ndithu, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

"Pepani bambo," adatero namwino mwaulemu. "Womaliza watuluka kale, zonse zatsekedwa. Adzabweranso chaka chamawa."

Adauyamba ulendo wobwerera. Atatsala pang'ono kufika, amayi adafufuza dzanja la mwana wawo pachiwongolero n'kulisisita. "Usadzizunze, mwanawe. Chaka sichichedwa. Kungoti pofika nthawiyo mwana uja adzakhala akuyenda. Kankhope ka ukhanda kaja ndiye kandipita."

A Sipanala misozi idangoti mbwembwembwe, msewu osaonekanso bwino. Akadakonda amayi akadawakalipira, kapena kuwatukwana kumene, kusiyana ndi kuwapepesa chonchi.

Podutsa pagalaja adaona benchi lili lodzaza monga mwa masiku onse. Nkhani inali itafika kale, ndipo anthu omwe aja adawatcha mainjiniya ankakodolana n'kumabisa kuseka m'manja. A Sipanala adayang'ana pagalasi. Kumbuyo kunali mlongo wawo, siketi ili mbuu ndi fumbi, akununkha petulo, atagwirizira phewa la amayi kuti asagwedezeke m'mabampu. Dzulo lomweli adamuchititsa manyazi pagulu chifukwa chowafunsa mafunso atatu, ndipo mwa anthu onse aja ndi iye yekha amene adabwera kudzakankha. Akuluakulu sadaname ayi: wakutsina khutu ndi mnansi.