Chikaonda ndi Mlonda wa Pakhosi

Kalekale, kuseri kwa phiri lina la miyala, kunali mudzi umene anyani ankauvutitsa. Chimanga chikangoyamba kukhwima, anthu ankamanga nsanja m'minda n'kumalondera tsiku lonse.

M'mudzimo munali bambo wina dzina lake Chikaonda. Munthuyo anali wowonda ngati bango, koma mawu ake, abale inu! Akakuwa pansanja, anyani a m'munda mwake ankathawa, a m'munda mwa mnzake ankathawa, ngakhale amene anali asanatsike m'phiri ankabwerera. Vuto lake linali limodzi. Ankalondera uku akukukuta chimanga chokazinga chimene mkazi wake, Nankhoma, ankamumangira m'kansalu.

Masiku amenewo ziwalo zinkalankhula ndi eni ake. Ndiye pakhosi pa Chikaonda, monganso pakhosi panu nonsenu, pankakhala mlonda dzina lake Kholingo. Gwirani pakhosipo, musachite manyazi. Kolimba mwakhudzako ndi nyumba yake. Pamenepo pali mphambano: njira yakumbuyo imapita m'mimba, yakutsogolo imapita m'mapapo. Munthu akamameza, Kholingo amakwera n'kutseka njira ya m'mapapo ndi kachitseko. Munthu akamalankhula, iye amakoka timitsempha take tiwiri kuti mpweya ukamatuluka tizinjenjemera, ndipo mawu amachokera pamenepo.

Tsiku lina Kholingo anati, "Achimwene, ntchito zanga n'ziwiri, koma sindingazigwire nthawi imodzi. Muzimeza kaye, kenako muzikuwa."

"Anyani sadikira kuti munthu ameze," anayankha Chikaonda.

M'mawa mwake Kholingo anati, "Achimwene, dzulo njere inatsala pang'ono kundidutsa."

"Nanga pamenepo ukulondera chiyani?"

Tsiku lachitatu Kholingo anangoti, "Achimwene," ndipo asanamalize, gulu la anyani linatulukira kumunsi kwa munda. Chikaonda anali atangoponya chimanga chodzaza dzanja m'kamwa. Anakoka mpweya kuti akuwe. Chitseko chinali chotsegula, ndipo njere imodzi inalowera njira ya m'mapapo.

Kholingo sanadikire kuuzidwa. Anatseka timitsempha tija kuti gwa, njere n'kutsakamira pamwamba pake. Mawu anazima. Mpweya unaima. Chikaonda anagwada pansanja atagwira pakhosi, maso ali tuzu, akuona anyani akuthyola chimanga chake. Mantha anamugwira, anadziwa kuti akufa.

Nankhoma anali kuchitsime, kufupi ndi munda. Anamva phokoso la anyani, koma mawu a mwamuna wake sanawamve. "Anyani m'munda, abambo aja ali chete? Ayi, si bwino kumeneko." Anasiya mtsuko, anathamanga, anakwera nsanja. Anamuweramitsa mwamuna wakeyo n'kuyamba kumumenya kumsana pakati pa mapewa. Kholingo naye anasonkhanitsa kampweya kamene kanatsala m'chifuwa n'kukatulutsa mwamphamvu. Chikaonda anatsokomola koyamba, njere osasuntha. Anatsokomola kachiwiri, njere inagwedezeka. Anatsokomola kachitatu, njere inalumpha n'kugwera pansi pa nsanja.

Atapuma bwino, Chikaonda anayang'ana munda. Theka lonse linali mapesi okhaokha. Mukuganiza kuti anathokoza? Anthufe timavuta.

"Kholingo iwe," ananong'ona ndi mawu osasa, "wanditsekera mawu anyani akundidyera munda."

"Eya, ndinatseka," anatero Kholingo. "Ndikanatsegula, njere ija ikanatsikira m'mapapo. Chimanga chotsalachi akanakudyerani anthu pamaliro anu."

Nankhoma anati, "Abambo, mwamva? Tiyeni kunyumba. Pansanja ndikhalapo ine, anyaniwo ndiziwaopseza pomenya khasu."

Chikaonda anakhala masiku atatu osalankhula, kuti Kholingo apume. Ankangomwa phala ndi madzi ofunda othira uchi. Akamameza ankagwira pakhosi, n'kumva kanyumba kaja kakukwera, kakutsika. Anayamba kuganiza: chibadwire wameza kangati? Ali khanda pabere la mayi ake, ali mnyamata wosusuka, ali m'tulo osadziwa kanthu, mlonda ameneyu ankatseka ndi kutsegula osaphonya. Iye anali asanamuthokozepo ngakhale kamodzi. Manyazi anamugwira, misozi n'kulengeza m'maso.

Tsiku lachinayi anapita kumunda, nakwera nsanja pamene panali mkazi wake. Kunalibe nyani ngakhale mmodzi. Anameza malovu, anadikira, kenako anakoka mpweya n'kukuwa ndi mawu ake onse aja.

"Zikomo Nankhoma! Zikomo Kholingo!"

Phiri linabwezera mawuwo, ndipo mudzi wonse unamva. Koma woyamba kumva anali Kholingo, pakuti ngakhale mawu omuthokozawo anachita kuwapanga yekha.

Phunziro lake ndi ili: muzimeza kaye musanalankhule, ndipo muzithokoza amene amakusungani mwakachetechete, musadikire tsiku lotsamwa.

Nthano yanga yathera pamenepa. Wina andipatseko madzi, kukhosi kwandiuma.