Ndowa ya aNasoko

Kalekale, m'mudzi wina wotalikirana ndi chitsime, munali mayi wina dzina lake Nagama. Iwe Sungeni, khala pansi, msana wanga lero sukufuna zothamangitsana. Manja aziswa mtedzawo, makutu azimva.

Nagama anali ndi mwamuna wake, a Gwaza, ndi ana awiri. Anali ndi khasu limodzi, mtondo umodzi, ndi mtsuko wadothi wobenthuka pakamwa. M'mawa kuchitsime ndi mtsuko. Masana kuchitsime ndi mtsuko. Khosi linazolowera, mtima unalibe nkhani.

Analinso ndi mphika waukulu kuseri kwa chitseko. Mu mphikamo munali mtedza wambewu, wosankha bwino, pakamwa pake pomata ndi dothi kuti makoswe ndi ana asaupeze. A Gwaza ankati akaudutsa n'kuusisita. "Uwu ndiye munda wathu wa chaka chamawa," ankatero.

Tsiku lina mwamuna wa aNasoko, mnansi wawo, anabwera kuchokera ku Halale kumene ankagwira ntchito. Anabweretsa ndowa yachitsulo. Inu! Ndowa yowala ngati madzi a pa dzuwa. Chogwirira chake chikagwa pambali chinkalira, ngwe! Mudzi wonse unali usanaonepo chotero. Mwamunayo anakhala sabata ziwiri n'kubwerera kuntchito, ndowa n'kutsala.

Nagama anaiona koyamba kuchitsime. Anaiyang'ana. Anaiyang'ananso. Atasenza mtsuko wake anamva ngati wasenza mwala, chonsecho unali mtsuko womwe uja wa dzulo.

Anafika kunyumba. "Abambo, inu ku Halale simungapiteko?"

A Gwaza anaseka motopa. "Ndi bondo langali? Ndikafika liti, chaka cha nkhuku kumera mano? Mtsukowu watani, wayamba kudontha?"

"Sukudontha."

"Nanga?"

"Sukuwala."

"Timamwa kuwala ife?"

Koma ndowa ija inamulowa Nagama m'mutu. Akamasinja, musi unkati ngwe. Akamasesa, tsache linkati ngwe. Mpaka anapita kwa mnansi wake.

"Odi, aNasoko. Mundibwerekeko ndowayo, nditungire kamodzi kokha."

"Tengani, anzanga. Chitsulo sichitha ndi ulendo umodzi."

Anaisenza. Inapepuka ngati lichero. Anayenda pakati penipeni pa mudzi, osadzera njira yachidule ija ya kuseri kwa makola, uku akuimba chapansipansi:

Ndowa ya eni, ngwe, ngwe, ngwe,
Pamutu panga, ngwe, ngwe, ngwe,
Mawa ndibweza, ngwe, ngwe, ngwe.

Tsono mukudziwa mwambo wake. Chiwiya chobwereka sichibwerera chopanda kanthu. Ngakhale mbale ya mnzako, umaikamo kaufa, kamchere, kaya timatimati tiwiri. Nagama anayang'ana m'nyumba. Ufa unali wa tsiku lomwelo. Mchere unali wongokwana kunsonga ya chala. Maso anagwera kuseri kwa chitseko.

"Chikhatho chimodzi chokha," anatero. "Mphika wonsewu ungadziwe?"

Anaboola pomata paja, anatapa chikhatho chimodzi, anathira mu ndowa, anamatanso ndi dothi lonyowa bwinobwino, n'kusalaza ndi chala.

"Aa, mwavutikiranji?" anatero aNasoko, koma dzanja linali litalandira kale.

Anati kamodzi kokha. Koma patapita masiku awiri mtsuko unalemera kuposa kale. "Odi, aNasoko." Anasenza, anaimba, anaboola, anatapa, anamata. M'mawa mwake, "Odi, aNasoko." Anasenza, anaimba, anaboola, anatapa, anamata. Chilimwe chonse.

Akazi a kuchitsime anayamba kumuseka. "Eee, abwera a ku Halale! Mwasiya bwanji kumeneko?"

Wina n'kuyankha, "Asiyeni, ndowa ili ndi amayi awiri, wobereka ndi wolera."

Nagama ankaseka nawo. Koma chodabwitsa, ana inu, n'chakuti ndowa ija sinkamukhutitsa. Akaisenza, mtima unali kale pa nthawi yobweza. Akabweza, ankabwerera kwawo manja ali lende, wotopa kuposa mmene anapitira. Kubwereka kuli ngati kukanda chipere. Ukamakanda chimakoma, ukasiya chimayabwa kawiri.

Tsiku lina potapa, zala zinakhudza pansi pa mphika. Anamata msanga. "Mawa sindipita," anatero. Mawa lake anapita.

Iwe Mwatitha, ndakuona. Lavula. Umenewo ndi wambewu.

Nthawi yonseyi a Gwaza anali kumunda, kukoka bondo lawo lija, kuunga mizere. Mzere ndi mzere, kuyambira pa chulu mpaka pa mtengo wa msuku. Ankabwera fumbi lili mbuu, n'kusisita mphika uja kunja kwake. Kunja unali womwe uja.

Kenaka mitambo inada. Mvula inagwa, nthaka inanunkhira. M'mawa mwake mudzi wonse unali piringupiringu, aliyense ndi mbewu yake.

"ANagama, tulutsani mphika uja."

Nagama anaunyamula ndi dzanja limodzi. A Gwaza anaona zimenezo. Anaswa pomata paja. Anasuzumira. Anapendeketsa mphika pa lichero. Mtedza unagwa, wa, n'kusiya. Sunadzaze ngakhale zikhatho ziwiri.

"Makoswe?" anafunsa.

Pakamwa pa Nagama panali pafupi kuvomera. Koma khoswe amamata dothi akatha kudya? Amasalaza ndi chala?

"Si makoswe. Ndine. Ndinkabwezera ndowa."

A Gwaza sanakalipe. Kukalipa kumafuna mphamvu. Anangokhala pansi pakhonde, n'kutambasula mwendo wawo wopweteka uja, n'kuyang'ana kumunda.

"Ndiye mizere yonse ija," anatero pang'onopang'ono, "tibzalamo ndowa?"

Nagama anathamangira kwa mnansi wake. Tsiku limenelo sanadzere pakati pa mudzi.

"ANasoko, mtedza uja ndinkakupatsani, watsalako? Unali wambewu."

ANasoko anagwira pakamwa. "Mayo! Wambewu? Bwanji osanena? Ine ndinkangoti kwa a Gwaza chaka chino kuli mtedza wosowa nawo chochita. Wina tinakazinga, wina tinasinjira chisoso. Taonani masaya a anawa." Anaganiza pang'ono. "Wanga wambewu ndabzala dzulo madzulo lomwe, mvula itangodukiza. Ndilime ndekha, ndibzale ndekha, mwini ndowa ali ku Halale. Ndilibe ngakhale njere yoti ndikupatseni."

Ndowa inali pomwepo pakhonde, madontho a mvula ali pa iyo, ikuwala. Ndipo Nagama, ngakhale pa tsiku ngati limenelo, anaiyang'ana n'kuifuna. Anadzidabwa yekha.

Anabzala mizere itatu. Munda wotsalawo unamera udzu. Chaka chimenecho ndiwo zinali zamadzi ndi mchere, zopanda nsinjiro. Ana ankafunsa, "Amayi, bwanji chisoso chikuwawa?" Iye n'kuyankha, "Idyani." Atakolola mizere itatu ija, sanalawe ngakhale njere imodzi. Wonse unalowa mu mphika. Anamata yekha, a Gwaza n'kudindapo chala chawo chachikulu.

Chilimwe chinabweranso. Fumbi, dzuwa, njira ya kuchitsime yomwe ija. Tsiku lina Nagama akudutsa ndi mtsuko wake wobenthuka, aNasoko anamuitana.

"Anzanga, masiku ano simubwereka? Tengani, ili apa. Musaikemo kanthu pobweza, ine sindidandaula."

Nagama anaima. Ankadziwa kuti sangabweze chiwiya chopanda kanthu, ngakhale mwini wake anene. Manyazi sangamulole. Ankadziwanso kumene maso ake adzagwere akafika m'nyumba. Dzanja linanyamuka lokha kupita ku ndowa. Anachita kuligwira ndi linzake, n'kulikweza pa mtsuko.

"Zikomo, aNasoko. Ndingoiona."

Anaiona ndithu. Anaima pomwepo n'kuiyang'ana mpaka maso anatopa. "Yawala lero," anatero. "Mwaikwecha ndi phulusa?"

"Ndi mchenga."

"Yakhala bwino."

Anapitiriza ulendo. Mtsuko unalemera tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Unalemeranso mawa lake. Koma tsiku lililonse ankachita zomwezo: kuima, kuiona, kuiyamikira mokweza, n'kudutsa. Akazi a kuchitsime anati, "A ku Halale achotsedwa ntchito!" Iye anati, "Eya, ndabwerera kumudzi." Kuseka kunatha msanga, poti sanakwiye.

Mukufunsa ngati anasiya kuifuna? Ayi. Anafika pomera imvi akuifunabe, ndipo sanakhale nayo yakeyake. Koma mvula itagwa chaka chimene anakana ndowa chija, mphika uja ananyamula awiri, iye ndi a Gwaza, ndipo anabzala kuyambira pa chulu mpaka pa msuku.

Nsapato za mnzako umafuna kubwereka zija, Sungeni, mawa ukazione bwinobwino, umuuze kuti zamukhala. Ukabwere ndi mapazi ako omwewo.

Nthano yanga yathera pamenepa, nayonso yatopa. Maso asiyeni aone, saononga kanthu, koma dzanja lisamatape mu mphika wa mbewu. Tolani makokowo, thirani mtedza mu thumba.